Kodi Nkhalamba Yokayika za Chipembedzo Njolakwa?

Anthu ambiri amakhulupirira kuti munthu akamakalamba ndi pamene amayandikira kwambiri kwa Mulungu. Umboni wa maganizo amenewa suvuta kuupeza. M'matchalitchi ndi m'mizikiti, amene amayamba kufika ndi kukhala m'mizere ya kutsogolo kawirikawiri amakhala anthu a imvi. Amayi okalamba ndiwo amachezera kuimba pa siwa, ndipo madoda ndiwo amatsogolera mapemphero kumanda. Achinyamata ena amanena moseka kuti agogo akulongedza katundu wa ulendo. Komabe pali gulu lina la okalamba limene silitchulidwatchulidwa. Awa ndi anthu amene adakula m'chipembedzo, adaloweza katekisimu, adabatiza ana awo ndipo ena adakhalapo akulu a mpingo, koma pofika zaka 65 kapena 70 amapeza kuti zimene ankazikhulupirira ndi mtima wonse ayamba kuzikayika. Ambiri mwa iwo amangosunga nkhaniyi mumtima. Ena amayamba kujomba ku mapemphero nanamizira nyamakazi. Funso lofunika kuliganizira ndi lakuti: kodi munthu wotereyu walakwa? Nanga abale ake ndi anansi ake ayenera kukhala naye motani?

Poyamba ndi bwino kumvetsa kumene chikayiko chotere chimachokera, pakuti galu wamkota sakandira pachabe. Gwero loyamba ndi maliro. Munthu wa zaka 70 m'Malawi muno waika anthu ambiri m'manda kuposa momwe mnyamata angaganizire. Matenda a Edzi adapezeka koyamba m'dziko lino m'chaka cha 1985, ndipo m'zaka za m'ma 1990 adasesa anthu a misinkhu yapakati, omwe adali aphunzitsi, anamwino, asilikali ndi alimi amphamvu. Makolo ambiri adaika ana awo mmodzimmodzi, natsala ndi adzukulu amasiye oti awalere ndi manja onjenjemera. Makolowa adapemphera, adasala zakudya, ndipo ena adakwera malole kupita ku Machinga m'chaka cha 1995 kukamwa mchape wa Billy Chisupe, amene ankati adaulandira m'maloto. Odwala adapitirirabe kufa. Imfazi zidayamba kuchepa pamene boma lidayamba kugawa mwaulere mankhwala otalikitsa moyo m'chaka cha 2004. Nkhalamba imene idaona zonsezi ikadzifunsa chifukwa chimene mapemphero ake sadapulumutsire mwana wake woyamba, pomwe mapiritsi adapulumutsa wotsiriza, sindiye kuti ikuchita chipongwe. Ikufunsa funso limene moyo weniweniwo waiikira patsogolo.

Gwero lachiwiri ndi kuchuluka kwa ziphunzitso. Makolo akale ankathira nsembe kwa Chauta kudzera mwa mizimu, ndipo pa nthawi ya chilala ankatumiza mithenga ku Msinja kwa Makewana kapena ku Khulubvi kwa Mbona. Kenaka kudabwera Chisilamu, ndiponso amishoni: a ku Scotland ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876, a Dutch Reformed ku Mvera mu 1889, ndi ansembe a Katolika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902. M'zaka zaposachedwapa kwabuka mipingo yambirimbiri ya aneneri, ina yosonkhana m'makalasi a sukulu ndi m'matenti. Gulu lililonse limanena kuti njira yoona ndi yake. Mwana amamva chiphunzitso chimodzi chokha, cha makolo ake, choncho savutika. Koma wokalamba wamva zambiri, ndipo waona anthu abwino ndi oipa m'gulu lililonse. Amazindikiranso kuti akadabadwira ku Mangochi mwina akadakhala Msilamu wolimba, ndipo akadabadwira pafupi ndi Mua akadakhala Mkatolika wolimba. Kuzindikira kumeneku kumamupatsa funso lovuta: ngati chikhulupiriro cha munthu chimatsata mudzi umene adabadwira, angatsimikize bwanji kuti chake ndicho choona?

Gwero lachitatu ndi khalidwe la atsogoleri ena a zipembedzo. Wokalamba waona abusa okhulupirika amene adafa ali osauka akutumikira anthu, koma waonanso ena amene adalemera ndi zopereka za amayi amasiye, ndi ena ogulitsa madzi ndi mafuta ponena kuti ndi ochiritsa. N'zoona kuti kuipa kwa mthenga sikusandutsa uthenga kukhala bodza. Komabe munthu amene wapusitsidwapo kangapo amaphunzira kuyamba wafufuza asanavomere, ndipo chizolowezi chimenechi sichiima pakhomo la tchalitchi.

Gwero lachinayi ndi lakuti imfa yayandikira. Kwa wophunzira wa Folomu 4, funso lakuti kuseri kwa manda kuli chiyani ndi nkhani ya mtsutso wa m'kalasi, ndipo belu likalira amaiwala. Kwa munthu amene anzake onse a msinkhu wake adapita, funsoli ndi lake lenileni. Mayankho amene adaloweza ali mwana amawatenganso limodzilimodzi kuti aone ngati angamusenze, monga amachitira munthu woyesa mlatho wa mitengo asanawoloke mtsinje wodzaza. Ena amaupeza mlathowo uli wolimba ndipo chikhulupiriro chawo chimakula. Ena amaupeza ukugwedera. Onse awiri achita chinthu chimodzi chomwecho, ndicho kuyesa moona mtima.

Kufunsa mafunso otere si chinthu chachilendo chimene chidabwera ndi sukulu. Makolo adasiya nthano ya bilimankhwe amene Chauta adamutuma kukauza anthu kuti akafa adzabwereranso. Bilimankhwe adayenda mwachidodo monga mwa khalidwe lake, ndipo buluzi adamupitirira nakafika msanga ndi uthenga wakuti munthu akafa wapita. Anthu amene adapeka nthanoyi adali opembedza, koma adaona kuti imfa ndi chinthu chosalongosoka chofunika kuchifotokoza. M'Buku Lopatulika, lomwe lidasindikizidwa lathunthu m'chinenero chino m'chaka cha 1922, muli nkhani ya Yobu, munthu wolungama amene adataya ana ndi chuma nadandaula kwa Mulungu mosabisa mawu. Anzake atatu adamudzudzula naumirira kuti adachimwa, koma pamapeto a nkhaniyo amene adadzudzulidwa ndi anzakewo. Ngakhale pakati pa anthu otchuka pa chipembedzo, chikayiko chidawafikapo. Al-Ghazali, mphunzitsi wamkulu wa Chisilamu, adasiya ntchito yake yapamwamba ku Baghdad m'chaka cha 1095 atavutika mumtima pofunafuna chimene munthu angachidziwe motsimikiza. Makalata a Mother Teresa wa ku Calcutta, amene adasindikizidwa m'chaka cha 2007 iye atamwalira, adaonetsa kuti kwa zaka zambiri ankamva ngati Mulungu ali kutali naye, chikhalirecho ankapitiriza kusamalira odwala. Awiriwa sadasiye chipembedzo, koma mbiri yawo ikuonetsa kuti chikayiko sichigwira anthu oipa okha.

Chitsanzo chothandiza kwambiri pa nkhaniyi ndi cha Charles Darwin, katswiri wa zachilengedwe wa ku England, amene dzina lake ophunzira amakumana nalo m'maphunziro a sayansi. Darwin adabadwa m'chaka cha 1809, ndipo pamene ankaphunzira ku Cambridge cholinga chidali chakuti adzakhale mbusa. Kuyambira 1831 mpaka 1836 adayenda ulendo wa pa nyanja pa sitima yotchedwa Beagle, akufufuza zomera, nyama ndi miyala. Chikhulupiriro chake sichidathe tsiku limodzi. Chidaphwa pang'onopang'ono pa zaka zambiri, monga limaphwera dziwe m'chilimwe. Zina mwa zimene zidamuvutitsa ndi kuzunzika kumene adakuona pakati pa zamoyo, ndiponso chiphunzitso chakuti osakhulupirira, kuphatikizapo bambo wake ndi mkulu wake, adzalangidwa kosatha. M'chaka cha 1851 mwana wake wamkazi Annie adamwalira ali ndi zaka 10, ndipo chisoni chake chidali chachikulu. Atakalamba, m'chaka cha 1879, adalemba m'kalata kuti sadakanepo kuti kuli Mulungu, koma kuti iye adali m'gulu la anthu ovomera kuti nkhaniyi saidziwa.

Chofunika kuchiona ndi momwe munthuyu adakhalira ndi chikayiko chake. Mkazi wake Emma, amene adamukwatira m'chaka cha 1839, adali wopembedza kwambiri ndipo ankada nkhawa kuti mwina sadzakhalira limodzi kuseri kwa imfa. Darwin sadamubisire maganizo ake, komanso sadamunyoze. Pa Sabata ankaperekeza banja lake, ndipo iwo akalowa m'tchalitchi iye ankapita kokayenda. Adakhala bwenzi la mbusa wa m'mudzi mwawo ku Downe, ndipo kwa zaka zambiri adali msungichuma wa kabungwe kothandiza anthu a m'mudzimo pa nthawi ya matenda ndi maliro. Banja lawo lidakhala zaka 43 mpaka imfa yake m'chaka cha 1882, ndipo adaikidwa m'tchalitchi chachikulu cha Westminster Abbey ku London. Patapita zaka kudamveka mphekesera yakuti adatembenuka mtima ali pafupi kufa, koma ana ake adaitsutsa. Mphekesera imeneyi ikuonetsa momwe anthu zimawavutira kuvomera kuti munthu angathe kukayika, nakhalabe wabwino, nafa mwamtendere.

Pali zifukwa zolemera zimene anthu opembedza amapereka potsutsa chikayiko, ndipo n'zosayenera kuzichepetsa. Choyamba ndi chakuti kuopa Mulungu ndiko kumamanga khalidwe, kotero kuti munthu akasiya kuopa chiweruzo palibe chomuletsa kuba kapena kupha. M'mawu amenewa muli choonadi, chifukwa alipo anthu ambiri amene chipembedzo chidawachotsa m'uchidakwa ndi m'nkhanza. Koma mfundoyi ikaunikidwa bwino ikusonyeza kufooka. Mayi sayamwitsa mwana wake chifukwa choopa moto wosatha. Anthu a m'mudzi akamva mfuu ya maliro amasiya makasu kumunda osayamba afunsa kuti womwalirayo ankapemphera kuti. Umunthu, umene makolo adaufotokoza ponena kuti kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu, udalipo amishoni asanafike ndipo umapezeka mwa anthu a zipembedzo zonse. Munthu amene wakhala zaka 70 akuchereza alendo ndi kulera ana amasiye sangasanduke chilombo chifukwa chakuti wayamba kukayika za kumwamba. Ndipotu amene amachita zabwino osayembekezera mphotho ina iliyonse, ubwino wake ngwosakayikitsa.

Chifukwa chachiwiri chidafotokozedwa bwino ndi Blaise Pascal, katswiri wa masamu wa ku France amene adamwalira m'chaka cha 1662. Iye adati munthu wanzeru ayenera kusankha kukhulupirira, pakuti ngati Mulungu aliko apindula moyo wosatha, ndipo ngati kulibe sataya kanthu kakakulu. Okalamba ambiri amalangizidwa chimodzimodzi ndi ana awo, amene amati: "Agogo, ingopitani ku tchalitchi, mutayapo chiyani?" Uphunguwu umachokera m'chikondi, koma uli ndi mavuto awiri. Loyamba ndi lakuti suuza munthu chipembedzo choti asankhe pakati pa zambiri zimene zimatsutsana. Lachiwiri ndi lakuti chikhulupiriro si malaya oti munthu angavale pofuna. Munthu angathe kukakamiza miyendo yake kupita ku mapemphero ndi pakamwa pake kuimba, koma sangakakamize mtima wake kuvomera chimene sukuchiona kuti n'choona. Ngati Mulungu amaona za mumtima, monga zipembedzo zambiri zimaphunzitsira, ndiye kuti kunamizira kukhulupirira pofuna mphotho sikungamukondweretse kuposa kuvomera moona kuti munthu wasokonezeka.

Chifukwa chachitatu ndicho cholemera koposa. Chipembedzo chimatonthoza. Mayi amene mwana wake adakokoloka ndi matope ku Chilobwe pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene anthu mazanamazana adafa m'chigawo cha kummwera, mwina chimene chimamudzutsa m'mawa ndi chiyembekezo chakuti adzamuonanso mwanayo. Kodi wokayika ali ndi ufulu womulanda chiyembekezo chimenechi? Yankho ndi lakuti alibe. Apa ndi pamene pakuonekera malire. Kukayika mumtima ndi kuyankha moona munthu akafunsidwa n'kosiyana ndi kuyenda khomo ndi khomo kugwetsa chikhulupiriro cha ena. Wokayika weniweni amadziwa kuti iye mwini alibe umboni wotsimikiza kuti kumwamba kulibe. Akayamba kunyoza opemphera ndi kuwatcha mbuli, ndiye kuti wasiya kukayika ndipo wasanduka mlaliki wa chiphunzitso china, wouma mutu ngati omwe amawadzudzula aja.

Nkhaniyi ili ndi mbali ina yoopsa imene siyenera kuiwalika. M'midzi yambiri nkhalamba imene yasiya kupita ku mapemphero imayamba kulozedwa zala. Mwana akadwala kapena mphezi ikagwa, anthu amakumbukira kuti agogo aja sapemphera, ndipo mawu akuti mfiti satenga nthawi kutuluka. Mu Januwale 2016 anthu anayi okalamba adaphedwa ku Neno atanamiziridwa kuti ndiwo adatumiza mphezi imene idapha mtsikana wina. Mlandu wawo sudali wa chipembedzo, koma zimene zidachitikazo zikusonyeza momwe moyo wa wokalamba umakhalira pangozi anthu akangomuyesa wosiyana ndi anzake. Ena amaopa zina: kudulidwa mumpingo, kusalidwa ndi anzawo, kapena kudzaikidwa m'manda popanda nyimbo, zomwe zimachititsa manyazi ana otsala. N'chifukwa chake ambiri amasankha kukhala chete. Chikhalirecho gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino, amene adakhazikitsidwa m'chaka cha 1994, limapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo, chikhulupiriro ndi maganizo. Gawoli lisanalembedwe, a Mboni za Yehova adaletsedwa kuyambira 1967 mpaka 1993, ambiri nathawira ku Zambia ndi ku Mozambique nyumba zawo zitatenthedwa. Ufulu umene umateteza munthu wopembedza mosiyana ndi anzake ndi womwewo umene umateteza munthu amene sakudziwa choti akhulupirire. Pa kalembera wa 2018, anthu pafupifupi awiri mwa 100 alionse adanena kuti alibe chipembedzo. Ndi ochepa, koma ndi nzika ndiponso abale a anthu ena.

Tsono kodi nkhalamba yokayika njolakwa? Kulakwa kumakhalapo pamene munthu wachita mwadala chinthu chimene akadatha kuchipewa. Munthu sasankha kukayika, monga momwe sasankhira kumera imvi. Chimene amasankha ndi chochita nacho chikayikocho, ndipo pamenepa ndi pamene angayamikidwe kapena kudzudzulidwa. Akachigwiritsa ntchito ngati chifukwa chothawira udindo, chonyozera mkazi wake wopemphera kapena chokanira kuthandiza pa maliro, walakwa. Akabisala m'chinyengo, nalandira udindo wa mumpingo ndi kuphunzitsa ena zimene iye mwini sazikhulupirira pofuna ulemu, walakwanso. Koma akanena zoona modzichepetsa, napitiriza kufufuza, kumvetsera ndi kuchitira anthu zabwino, palibe mlandu umene angaimbidwe. Nkhaniyo yatsala pakati pa iye ndi Mulungu amene akumufunafunayo, ndipo anthu anzake alibe mpando pa bwalo limenelo.

Achinyamata nawonso ali ndi gawo lawo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo ana ndi adzukulu adazolowera kutula nkhawa zawo kwa agogo. Si kawirikawiri pamene amaganiza kuti agogowo nawonso ali ndi moto wawo wosowa kozimira. Mdzukulu akamva agogo ake akunena kuti sakudziwa ngati mapemphero amamveka, asathamangire kukaitana anthu oti adzawatulutse ziwanda, ndiponso asakafalitse nkhaniyo kuchitsime. Akhale pansi, afunse chimene chidawafikitsa pamenepo, ndipo amvetsere mpaka amalize. Mwina adzamva mayina a ana amene adamwalira iye asanabadwe, ndi mapemphero amene adapempheredwa usiku wonse m'chipatala. Ngati mdzukuluyo ali wokhulupirira, ali ndi ufulu wonena chikhulupiriro chake mwaulemu ndi kuwapempherera agogo akewo. Chikhulupiriro chimene chamvetsera mafunso a munthu wa zaka 70 n'kukhalabe chilili chimakhala chokhwima kuposa chimene chidatetezedwa potseka makutu. Akatha kukambirana, kaya agwirizana kaya sadagwirizane, agogowo afunikabe kuwatungira madzi, kuwafolerera nyumba mvula isanagwe ndi kuwaperekeza ku chipatala, monga momwe zidaliri asanaulule za mumtima mwawo.